Kasonkhanitsidwe ka zimbale ndi zikumbutso za E Street Band kuno ku Harare

Anthu amene anadzaza bwalo la National Sports Stadium pa 7 Okutobala 1988, tsiku limene Bruce Springsteen ndi gulu lake la E Street Band anaimba kuno ku Harare, lero ambiri a iwo ndi agogo, ndipo ena anatisiya kale. Pakati pa khamulo panalinso anzathu olankhula Chichewa ochokera ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, ana a makolo amene anabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Malangizo awa ndi opita kwa munthu amene akufuna kuchita ntchito ziwiri zoyendera limodzi: kusunga zimene anthu amenewa akukumbukira za tsikulo, ndi kusonkhanitsa zimbale za gululi zimene zikadali m'nyumba ndi m'misika ya mumzinda muno. Langizo langa loyamba ndi lakuti muyambe ndi anthu, zimbale zibwere pambuyo, pakuti chimbale chikhoza kukudikirani zaka khumi m'katoni, pamene munthu wokalamba sangakulonjezeni zimenezo.

Dziikireni malire musanatulutse ndalama

Gululi linayamba mu 1972 ku New Jersey m'dziko la America, linabalalika mu 1989, ndipo linabwereranso pamodzi mu 1999. Nyimbo zake zatuluka m'maiko ambiri, pa zimbale zazikulu ndi zazing'ono, pa makaseti ndi pa ma CD, moti munthu wofuna zonse adzatha ndalama za lendi asanafike ndi pakati pomwe. Gulani kope lachikuto cholimba, ndipo pa tsamba loyamba mulembe malire anu. Ine ndimaona kuti malire oyenera munthu wa ku Harare ndi kuyambira pa chimbale cha Born to Run cha mu 1975 kulekezera pa Tunnel of Love cha mu 1987, kuphatikizapo kachimbale ka nyimbo zinayi kotchedwa Chimes of Freedom ka mu 1988, kamene kanatuluka mogwirizana ndi ulendo womwe unawabweretsa kunowu. Zimenezi ndizo nyimbo zimene anthu a pabwalo paja ankazidziwa. Malire mukhoza kudzawafutukula m'tsogolo, koma muzichita zimenezo muli kunyumba ndi kope lanu, osati mutaimirira pamaso pa wogulitsa.

Kucheza ndi amene analipo

Musayembekezere kuti anthuwa adzabwera okha. Funsani mukatuluka m'tchalitchi kapena ku mzikiti, funsani pa msonkhano wa bungwe lothandizana pa maliro, funsaninso amalume anu amene ankavala mathalauzi a jinzi pa zithunzi zakale zija. Mukamva za munthu, pitani ndi wina amene amamudziwa, mutanyamula kashuga kapena buledi monga mwa ulemu wathu, ndipo nkhani yojambula mawu musaiyambe musanalonjerane mokwanira. Mukhoza kunena kuti, "Zikomo amalume, ndamva kuti inu munalipo pamene kunabwera oimba aja mu 1988. Ndimati mundisimbireko, ndipo ngati mungalole ndijambule mawu anu pa foniyi kuti adzukulu adzamve kuchokera pakamwa panu." Akakana kujambulidwa, lembani m'kope, ndipo musajambule mobisa.

Mafunso abwino ndi aang'onoang'ono, okhudza zinthu zogwirika. Mukafunsa kuti zinali bwanji, yankho lake ndi lakuti zinali bwino kwambiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mukafunsa kuti ananyamuka nthawi yanji kunyumba, anakwera basi kapena timagalimoto ta Peugeot 404 tija tinkanyamula anthu modzaza mpaka kumbuyo, ndalama ya tikiti anaipeza bwanji, anapita ndi yani, anaima mbali iti ya bwalo, anadya chiyani, ndiponso anabwerera bwanji usiku umenewo, mudzaona munthu akukhala tsonga n'kuyamba kutchula maina a anzake amene anali atawaiwala. Funso lokhudza ndalama ya tikiti limabala nkhani zambiri kuposa onse, chifukwa ena anakongola, ena anagulitsa nsapato, ndipo ena ananamiza makolo.

Muyambe mwacheza ndi munthu aliyense payekha. Anthu akakhala pagulu, nkhani ya wolankhula mokweza ndiyo imaphimba za ena onse, ndipo pakatha ola limodzi aliyense amakhala akukumbukira zofanana ndi zake. Pa chifukwa chomwecho, musawaimbire chimbale kapena kuwaonetsa kanema wa pa YouTube musanamve zawo. Nyimbo muziike kumapeto, ndipo foni ikhale ikujambulabe, pakuti pamenepo pamatuluka zina zimene mafunso sanazifike.

Aloleni alankhule m'mene amalankhulira masiku onse, kaya akusakaniza Chichewa ndi Chishona ndi Chingerezi, ndipo polemba musawakonzere mawu. Musaiwale amayi, amene nthawi zambiri sitiwafunsa za nyimbo za rock ngati kuti pabwalopo panali amuna okhaokha. Musaiwalenso amene sanalowe: ogulitsa malalanje pachipata, alonda, oyendetsa magalimoto, ndi anyamata amene anamvera nyimbo ali kunja kwa mpanda. Kumayambiriro kwa chojambula chilichonse tchulani tsiku, malo, ndi dzina la wolankhula, chifukwa pakapita miyezi simudzatha kusiyanitsa mafayilo a m'foni.

Kutsimikiza zimene mwamva

Apa ndi pofunika kudekha. Mumzinda uno munachitika maphwando anyimbo akuluakulu atatu amene anthu amawasokoneza kawirikawiri. Bob Marley anaimba pa bwalo la Rufaro ku Mbare pa chikondwerero cha ufulu mu Epulo 1980, ndipo uko ndiko kunaphulitsidwa utsi wokhetsa misozi anthu atakhamukira kuti alowe. Paul Simon anaimbanso pa Rufaro pomwepo mu Febuluwale 1987 pamodzi ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo. Koma phwando la mu Okutobala 1988 linachitikira ku National Sports Stadium, ndipo linali gawo la ulendo wa Human Rights Now! umene bungwe la Amnesty International linakonza pokumbukira zaka 40 za chikalata cha ufulu wa anthu cha mu 1948. Kupatula Springsteen ndi gulu lake, pa ulendowo panali Sting, Peter Gabriel, Tracy Chapman ndi Youssou N'Dour. Ulendowo unayambira ku London pa 2 Seputembala, unachoka ku Harare kupita ku Abidjan, n'kukathera ku Buenos Aires pa 15 Okutobala. Anthu ambiri a ku South Africa anawoloka malire kudzaonera kuno, popeza oimba ambiri akunja ankakana kukaimba m'dzikolo chifukwa cha tsankho la apartheid.

Tsono munthu akakuuzani kuti anaona Springsteen pa Rufaro, kapena kuti Miriam Makeba anaimba naye usiku umodzi, mudziwe kuti maphwando awiri alumikizana m'mutu mwake. Zimenezi si bodza, ndi m'mene zaka zimachitira. Musamutsutse pamaso, makamaka ngati ndi wamkulu kwa inu. Funsani modekha kuti, "Kodi bambo, bwalolo linali la ku Mbare kuno kapena lija la njira ya ku Bulawayo?" Nthawi zambiri amakonza yekha, mwinanso n'kukupatsani nkhani ya phwando lachiwiri imene simunaiyembekezere. M'kope mwanu gawani tsamba pawiri: kumanzere mulembe zimene munthuyo wanena monga momwe wanenera, kumanja mulembe zimene mwatsimikiza kwina. Mbali ya kumanzereyo musaifufute ngakhale itakhala yolakwika.

Malo odalirika otsimikizira ndi ku National Archives of Zimbabwe, pa msewu wa Borrowdale, kumene amasunga nyuzipepala zakale monga The Herald ndi The Sunday Mail. Tengani chiphaso chanu, pensulo ndi kope, ndipo mupemphe nyuzipepala za sabata yonse yozungulira tsikulo, osati za tsiku limodzi lokha, chifukwa zotsatsa malonda za masiku a m'mbuyo ndizo zimaonetsa mitengo ya matikiti ndi kumene ankagulitsira. Funsani ogwira ntchito kumeneko za malamulo a kujambula zithunzi musanatulutse foni. Ena mwa amene mudzacheze nawo anakaonanso gululi ku Johannesburg kumayambiriro kwa 2014, nthawi imene Clarence Clemons, woimba saxophone wa gululi, anali atamwalira kale mu 2011. Munthu akamasimba za Clemons ali pa nsanja, ndiye kuti akunena za 1988.

Matikiti, zithunzi ndi timapepala tina

Wina akatulutsa tikiti yakale m'Baibulo kapena m'sutikesi, musaimate ndi guluu kapena selotepi, ndipo musakaikutire m'pulasitiki yotenthetsa ija, chifukwa kutenthako kumawononga pepala ndipo simungadzalitulutsenso. Ijambuleni mbali zonse ziwiri pafupi ndi zenera masana, popanda kuwala kwa foni, kenako muibweze kwa mwini wake tsiku lomwelo. Akakupatsani kuti musunge, iikeni mu envelopu yakeyake. Kuseri kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa, osati bolopeni.

Kumene zimbale zimapezeka

Yambani m'nyumba za abale. M'nyumba zambiri za ku Highfield ndi ku Mufakose mukadali mawailesi aakulu amatabwa aja okhala ndi galamafoni m'kati, ena a mtundu wa Supersonic opangidwa ku Bulawayo, amene lero akungogwira ntchito ya tebulo loikapo maluwa. Tsegulani kabati ya m'munsi mwake, mwachilolezo, chifukwa zimbale zambiri zinatsala momwemo chiwonongekere singano. Kenako pitani ku msika wa zinthu zakale wa ku Avondale, kwa ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ku Mbare, kumalo ogulitsira katundu pa okushoni, ndi m'nyumba za anthu amene akusamuka. Muuze wogulitsa mmodzi kapena awiri chimene mukufuna, muwasiyire nambala, ndipo akakuimbirani muzipitadi ngakhale simugula, kuti asatope nanu. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono, tochi yaing'ono ndi kansalu kofewa. Pokambirana mtengo, sankhani zimbale zingapo n'kufunsa mtengo wa zonse pamodzi, m'malo moonetsa nkhope yosangalala pa chimodzi chokha.

Ngati wachibale akukubweretserani zimbale pa basi kuchokera ku Johannesburg, mumuuze azinyamule m'manja, zitaimirira pakati pa makatoni awiri olimba, osati pansi pa basi pamodzi ndi matumba a katundu, ndiponso osati pafupi ndi zenera pamene akudikira pa Beitbridge.

Kuyang'ana chimbale musanagule

Ntchito yaikulu ili pano, ndipo musalole kuti wogulitsa akufulumizitseni. Tulutsani chimbalecho m'chikuto, muchigwire m'mphepete ndi pa kapepala ka pakati, zala zisakhudze mizere ya nyimbo. Choyamba werengani kapepala ka pakatiko kuti muone ngati chimbalecho n'chogwirizana ndi chikuto chake, pakuti m'nyumba zathu zimbale zinkabwezedwa m'chikuto chilichonse chimene chili pafupi phwando likatha, ndipo si zachilendo kupeza sungura m'chikuto cha rock. The River cha mu 1980 chili ndi zimbale ziwiri, ndipo bokosi la Live/1975–85 lili ndi zisanu pamodzi ndi kabuku. Werengani zonse, muonenso kuti palibe ziwiri zofanana.

Kenako chipendekeni pa kuwala kwa dzuwa kapena kwa tochi, mukuchizungulitsa pang'onopang'ono. Timizere tating'ono tooneka ngati tsitsi, tobwera chifukwa cholowetsa ndi kutulutsa m'chikuto, nthawi zambiri sitimveka. Pamene pakandika moonekeratu, pitsanipo nsonga ya chala mopepuka: ngati chala chikumva, singano nayonso idzamva, ndipo idzalira kuti tha, tha, pa kuzungulira kulikonse. Kukandika kotsata mzere wa nyimbo n'koipa kuposa kodutsa mopingasa, chifukwa ndiko kumachititsa singano kulumpha kapena kubwereza malo amodzi. Yang'ananinso mtundu wa mizereyo. Ikakhala yotuwa, yosawala ngakhale mutapukuta fumbi, ndiye kuti inadyedwa ndi singano yakutha, ndipo kutsuka sikungabweze chilichonse. Kuzungulira kabowo ka pakati mumaoneka timikwasa tosonyeza kuti chimbalecho chinaikidwa pa galamafoni kambirimbiri. Pomaliza chikwezeni mulingo wa maso kuti muone ngati chapindika. Kupindika pang'ono kofanana ndi mbale yodyera singano imakupirira, koma kokhota m'mphepete chifukwa cha kutentha n'kosachiritsika, ndipo chotere chisiyeni ngakhale mtengo utatsika bwanji. Nunkhizaninso chikuto, chifukwa fungo la chinyontho limasonyeza nkhungu.

Osonkhanitsa zimbale padziko lonse ali ndi zilembo zoyezera ubwino wake: M ndi chatsopano chosakhudzidwa, NM n'chotsala pang'ono kufanana ndi chatsopano, kenako VG+, VG, G, mpaka P chimene n'chowonongeka. Chimbale ndi chikuto zimayezedwa padera. Zambiri zimene mudzapeze mumzinda muno zidzakhala za VG kapena kutsikirapo, ndipo VG imamveka bwino ndithu ikatsukidwa. Mudziyezere mosadzikondera, pakuti aliyense amakweza chake.

Tsopano fufuzani kumene chinadindidwa. Ku America zimbale za Springsteen zinkatuluka ndi chizindikiro cha Columbia, pamene kumaiko ena zinkatuluka ndi cha CBS. M'zaka zimenezo nyimbo zambiri zakunja zinkadindidwa konkuno kapena ku South Africa ndi chilolezo cha eni ake, ndipo makampani odziwika kuno anali Teal Record Company, imene inadzakhala Gramma Records, ndi Zimbabwe Music Corporation. Werengani timalemba tating'ono ta m'munsi kuseri kwa chikuto ndi m'mphepete mwa kapepala ka pakati. Mukaona keyala yotchula Salisbury, kumbukirani kuti mzinda uno unasintha dzina kukhala Harare mu 1982, ndipo zimenezi zimathandiza kuyerekeza zaka, ngakhale kuti zikuto zosindikizidwa kale zinkatha kugwiritsidwabe ntchito pambuyo pake. Pamalo osalala a pakati pa nyimbo yomaliza ndi kapepala kaja pali manambala ndi zilembo zozokotedwa, zimene zimaoneka bwino ndi tochi. Zikopereni m'kope ndendende, pamodzi ndi nambala ya pa chikuto, kenako muzifufuze pa tsamba la pa intaneti la Discogs, pamene pali mndandanda wa zimbale za maiko osiyanasiyana ndi mitengo imene zinagulitsidwapo.

Pa nkhani ya mtengo ndili ndi maganizo anga. Kwa ogula akunja, chikuto cholembedwa dzina la mwini wake ndi bolopeni chimatsika mtengo. Kwa ife amene tikusonkhanitsa mbiri ya anthu a kuno, chimbale chodindidwa konkuno, cha chikuto chopyapyala, cholembedwa dzina ndi nambala ya nyumba ya ku Mbare, n'chofunika kuposa choyera bwino chochokera ku London. Dzinalo musalifufute. Likhoza kukufikitsani kwa munthu wina woti mucheze naye.

Kutsuka

Musaimbe chimbale chakale musanachitsuke, chifukwa singano imakanikizira mchenga m'mizere. Gwiritsani ntchito madzi otchezedwa aja amathira m'mabatire a galimoto, mutaonetsetsa pa botolo kuti ndi madzi okhaokha opanda asidi. Madzi a pa mjigo amasiya mchere m'mizere akauma. M'kapu ya madziwo donthezanimo dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale. Goneketsani chimbale pa thaulo loyera, nyowetsani kansalu kofewa kosathothoka, ndipo mupukute mozungulira kutsata mizere, osati mopingasa, mukusamala kuti kapepala ka pakati kasanyowe. Tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, kenako muchiimike pamthunzi mpaka chiume chokha. Jik, palafini, Vim ndi polishi wa nsapato zisayandikire, ngakhale wina atakuuzani kuti polishi amawalitsa. Mukapeza mbale zakale zolemera zija za liwiro la 78, zimene zimasweka zikagwa, musazikhudzitse sipiliti ngakhale pang'ono chifukwa amazisungunula, ndipo zimafuna singano yakeyake. Chikuto cha nkhungu chipukuteni panja ndi nsalu youma ndipo chikhale pachokha kufikira fungo litatha. Chimbale chotsuka musachibwezere m'kapepala kakale kokutira chimbale m'kati mwa chikuto, kodzaza fumbi. Chipezereni katsopano.

Kusunga m'nyengo ya kuno

Zimbale ziziimirira nthawi zonse, zoyandikana koma zosapanikizana, ndipo zisasanjikizidwe chogona chifukwa za pansi zimapindika ndi kulemera. Adani ake kuno ndi odziwika. Kutentha kwa mu Okutobala kumapinda chimbale chosiyidwa m'galimoto kapena pamwamba pa wadiropu pansi pa denga lamalata lopanda siling'i. Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala limalowa paliponse, choncho mbali yotsegula ya kapepala ka m'kati iziloza m'mwamba pamene ya chikuto ikuloza cham'mbali. Kuyambira Novembala mpaka Malichi vuto ndi chinyontho, ndipo bokosi lisakhale pa simenti kapena kutsamira khoma lakunja. Liikeni pa shelefu kapena pa matabwa. Chiswe ndi mphemvu zimadya zikuto, motero kamodzi pa mwezi tulutsani zonse muone kuseri.

Galamafoni yoimbira

Galamafoni yoipa imawononga m'mwezi umodzi chimbale chimene chapirira zaka 40. Mukagula yakale, sinthani singano musanaimbe chilichonse, popeza simudziwa kuti yagwira ntchito nthawi yaitali bwanji. Singano yabwino imatha pakati pa maola 500 ndi 1000. Mkono wonyamula singanoyo uyenera kukanikiza mopepuka, ndipo singano zambiri zimafuna pakati pa magalamu 1.5 ndi 2.5, malinga ndi zimene opanga analemba. Chizolowezi chakale choika ndalama yachitsulo pamutu pa mkono kuti singano isalumphe ndicho chinatuwitsa zimbale zambiri zimene mukuzipeza lerozi, ndipo amalume akafuna kukuonetsani luso limeneli muwakanize mwaulemu. Timagalamafoni totchipa tooneka ngati sutikesi timakanikizanso kwambiri, ndipo sindingakulangizeni kuikapo chimbale chimene mumachikonda.

Onani kuti liwiro lili pa 33⅓ pa zimbale zazikulu ndi pa 45 pa zing'onozing'ono. Nyimbo ikamakoka kapena kugwedera, kawirikawiri ndi lamba amene watha, ndipo kumusintha n'kosavuta. Chenjerani ndi galamafoni yotumizidwa ndi wachibale kuchokera ku America. Magetsi a kumeneko ndi a 120 V ndi 60 Hz, pamene athu ndi a pakati pa 220 ndi 240 V ndi 50 Hz. Thiransifoma imateteza kuti isapse, koma ngati injini yake imatengera liwiro ku magetsi a pakhoma, chimbale chidzazungulira pafupifupi ka 28 pa mphindi m'malo mwa 33⅓, ndipo mawu a woimba adzamveka olemera ndi aulesi. Mawu akamamveka otsika kwambiri ndi opanda besi, ndiye kuti ampulifaya yanu ilibe polowetsera polembedwa phono, ndipo mufunika kabokosi kokwezera mawu a galamafoni. Magetsi akathima chotsani pulagi ndi kukweza mkono pa chimbale, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa muyeso.

Kulumikiza zonse ndi kugawana ndi anzanu

Chimbale chilichonse chikhale ndi tsamba lake m'kope: dzina, chaka, dziko limene chinadindidwa, manambala aja, ubwino wake, kumene munachipeza, ndi mwini wake wakale ngati akudziwika. Pansi pake lembani nkhani iliyonse yokhudzana nacho ndi dzina la fayilo ya mawu imene muli nkhaniyo. Mukafuna kumvera nyimbo tsiku ndi tsiku popanda kutha chimbale, lumikizani galamafoni ku kompyuta ndi kujambula ndi pulogalamu yaulere ya Audacity, n'kusunga ngati mafayilo a mtundu wa WAV kapena FLAC. Zojambulazo ndi zomvera inu mwini, si zogulitsa. Mafayilo a mawu a anthu asungeni malo awiri osiyana, chifukwa foni imabedwa, ndipo musadalire gulu la WhatsApp ngati nkhokwe, popeza limachepetsa ubwino wa zithunzi ndipo zakale zimasowa munthu akasintha foni. Musanaike mawu kapena chithunzi cha munthu pa Facebook, mupempheninso chilolezo, pakuti kulola kujambulidwa m'nyumba mwake si kulola kuti dziko lonse limve.

Mukacheza ndi aliyense payekha, apo ndiye mukhoza kuwaitana onse Loweruka lina masana. Imbani mbali imodzi ya chimbale, imene imatenga mphindi pafupifupi 20, kenako muzimitse kuti anthu alankhule. Munthu mmodzi yekha ndiye azigwira galamafoni, ndipo zakumwa zikhale patebulo lina. Za kubwereketsa, yankho labwino ndi lakuti, "Achimwene, bwerani mudzamvere konkuno nthawi iliyonse." Mukalephera kukana, lembani m'kope iwo akuona.

M'makatoni momwemo mudzapezanso tizimbale ta 45 ta magulu a konkuno a m'zaka za m'ma 1970, monga Wells Fargo, gulu la rock la ku Bulawayo, kapena Hallelujah Chicken Run Band, mmene munaimbapo Thomas Mapfumo. Tizimbale totere timafunidwa kwambiri ndi ogula akunja, ndipo ena amayenda m'makomo kugula katoni yonse pa mtengo umodzi. Musagulitse tsiku lomwelo. Kopani manambala, fufuzani mtengo wake, ndipo ngati katoniyo ndi ya wachibale wokalamba, muuzeni zoona za mtengowo kuti asankhe yekha. Pa tsamba lomaliza la kope lembani dzina la munthu amene adzatenge zimbale, kope ndi mafayilo inu mukadzachoka, ndipo muwadziwitse a m'banja mwanu mukadali moyo, chifukwa pogawa katundu wa malemu zimbale zimagawidwa chimodzichimodzi kwa aliyense wopezekapo, kope n'kupita kwina.